Kuphunzira Kubweza Jekete la Salaula

Mwana akauza makolo ake kuti akufuna kubwerera ku yunivesite, funso limene limamveka m'makomboni a Lusaka n'lakuti, “Nanga mwinjiro uja tinakuvinira chaka chatha unali wa chiyani?” Funsoli n'lachilungamo. Mayi wa ku Chawama amene anagulitsa tomato, makala ndi kapenta kwa zaka zinayi kuti mwana wake amalize digiri ya zachuma ali ndi ufulu wodziwa chimene chatsalira, makamaka akamva kuti digiri yachiwiriyo, ija amati Masters, idyanso ndalama ndi zaka zina ziwiri. Ana ambiri amayankha mozemba kuti, “Amayi, masiku ano digiri imodzi sikwanira.” Mayiyo amangoti chabwino, koma mumtima sanakhutire, ndipo sakulakwa. Pali yankho labwino kuposa limeneli, ndipo ine ndimalipeza pa khonde la telala.

M'misika ya ku Matero, Kanyama kapena Mtendere, pafupi ndi pamene amamasulira mabelo a salaula, zovala zija ku Malawi amati kaunjika, simulephera kupeza telala ali pa makina ake opalasa ndi phazi. Ntchito yake yambiri ndi yobweza zovala zimene ena anasoka kale. Mnyamata amabwera ndi jekete limene wagula kuti akavale kokafunsira ntchito. Nsalu yake ndi yabwino, yolimba, yosokedwa ndi anthu odziwa, koma analisokera munthu wa ku Manchester kapena Toronto: mapewa atambalala, manja aphimba zala, m'chiuno mwatsala malo. Telala sathamangira sizasi. Amamuveka kaye mwini wakeyo, n'kumuuza kuti aimirire bwino, atambasule manja, awatsitse. Amakoka tepi imene imakhala m'khosi mwake n'kuyeza chifuwa, msana ndi kutalika kwa mkono. Kenako amalitembenuza jeketelo, amamasula pang'ono nsalu yam'kati kuti aone mmene misoko inayendera ndi nsalu imene inatsala m'mphepete, n'kulemba ndi choko. Akatero amanena zoona zake: “Mwana wanga, m'chiunomu ndi manjawa ndibweza. Koma mapewawa ndikawagwira, jekete lonse lipindika. Bola ukasinthe.”

Digiri yoyamba ya zachuma imamupatsa wophunzira belo la zovala zotere. Muli maganizo a Adam Smith, amene analemba buku lake lotchuka ku Scotland n'kulitulutsa mu 1776, a Alfred Marshall wa ku Cambridge mu 1890, a John Maynard Keynes mu 1936, ndi ena ambiri a pambuyo pawo. Zovalazi n'zabwino, ndipo amene amazinyoza kuti n'za azungu chabe sanazigwire ndi manja. Lamulo lakuti chinthu chikachepa pamsika mtengo wake umakwera limagwira ntchito ku Soweto Market monga mmene limagwirira ku London. Aliyense amene anagulapo bokosi la tomato m'nyengo yamvula akulidziwa. Vuto ndi muyeso. Mabuku ambiri analembedwa poganizira munthu amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ali ndi akaunti ku banki, nyumba yake ili ndi mapepala, magetsi sazima, ndipo mnzake akaswa pangano amakamusumira kukhoti. Wa digiri yoyamba amaphunzira kuzindikira zovalazi ndi kuzivala. Wa digiri yachiwiri amaphunzira kuyeza thupi, kumasula msoko ndi kudziwa pamene nsalu ikulola ndi pamene ikukana.

Nthambi ya digiri yachiwiriyi imene tikambe pano, ya zachuma pa malonda, imayang'ana zosankha za munthu kapena kampani yochita bizinesi. Mtengo ndiike pati? Ndipange zochuluka bwanji kuti ndisagwe? Mnzanga wopikisana naye akatsitsa mtengo, ine nditani? Ndikongole kapena ndidikire? Boma likasintha msonkho, kwacha ikagwa, mafuta akakwera, ine zindikhudza liti ndipo motani? Wowerengera ndalama amakuuzani zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka. Wa MBA, Masters ya kayendetsedwe ka bizinesi, amaphunzira kwambiri kuyendetsa anthu, katundu ndi mapulani a kampani. Wa zachuma pa malonda amafunsa chifukwa chake manambalawo anatuluka motero, ndi chimene chingachitike mukasuntha chinthu chimodzi. Ntchitozi zimalowana, koma ndi bwino kudziwa kusiyana kwake musanalipire fizi, chifukwa ambiri amalembetsa china akuganiza kuti ndi chinzake.

Tiyeni tiyese chovala chimodzi pa thupi la m'komboni. Buku limati katundu wofanana, pamalo amodzi, sangakhale ndi mitengo iwiri kwa nthawi yaitali, chifukwa ogula onse adzathamangira wotchipayo. Tsopano imani pa kantemba ku George madzulo. Mayi wogulitsa watsegula thumba la ufa la makilogalamu 25 n'kuugawa m'timapepala tapulasitiki, tija amati pamela. Tiyerekeze kuti thumbalo anagula K300, ndiye kuti kilogalamu imodzi yamudyera K12. Akagulitsa kilogalamu iliyonse pa K15, thumba lonse limubweretsera K375. Wogula pamela tsiku ndi tsiku akulipira K75 yoonjezera pa thumba lililonse, pamene sitolo yogulitsa thumba lathunthu ili pamsewu pomwepo. Wa digiri yoyamba akhoza kunena kuti wogulayo sakudziwa masamu.

Masamu akuwadziwa bwino kwambiri. Ndi munthu wa maganyu, ndalama imamupeza madzulo, K40 lero, K60 mawa, mkuja palibe. K300 ya nthawi imodzi saigwira. Ngakhale ataigwira, thumba lathunthu likakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, pa bwalo la mabanja ambiri, silikhalitsa: mnansi abwera ndi kambale, mlamu abwera ndi kapoto, ndipo kukana n'kovuta pamene iwenso mawa udzapempha. Komanso mayi wa kantemba ali ndi kope limene amalembamo ngongole, ndipo tsiku limene ganyu yavuta amakupatsa ufa kuti ana agone atadya. Choncho K3 yapamwamba ija ikulipira zinthu zingapo: kugawa, kusunga, ndi chiyembekezo cha ngongole pa tsiku loipa. Lamulo la m'buku silinaname. Limafuna kulibweza m'chiuno poonjezera mfundo yakuti wogula alibe ndalama zambiri pa nthawi imodzi. Munthu amene waona zimenezi akalembedwa ntchito ku kampani yopanga sopo, mafuta ophikira kapena shuga, amadziwa chifukwa chake timapaketi ting'onoting'ono timayenda m'makomboni kuposa zikuluzikulu, ndipo amatha kuwerengera kukula kwa paketi ndi mtengo umene ungapindulitse kampani popanda kumufinya wogula.

Nkhani ya ngongole ndi yozama kuposa pamenepa. Aliyense m'komboni amadziwa kaloba, amene ku Malawi amati katapila: utenga K100, mwezi ukatha ubweza K150, ndipo wailesi yakanema kapena khadi lako la ku banki limagona kwa mwini ndalama. Banki imabwereketsa pa chiwongoladzanja chotsika kwambiri poyerekeza ndi chimenechi. Nanga bwanji wowotcherera zitsulo wa ku Kalingalinga, amene ntchito yake ikuyenda, amapita kwa wa kaloba? Apa pali chovala cha m'belo chimene chimatikwana modabwitsa. Mu 1970 George Akerlof analemba za msika wa magalimoto akale, kusonyeza kuti wogulitsa akamadziwa zambiri za katundu kuposa wogula, msika umalumala. Mu 1981 Joseph Stiglitz ndi Andrew Weiss anasonyeza kuti banki imene sikutha kusiyanitsa wobweza ndi wothawa imasankha kukaniza anthu ngongole m'malo mongokweza chiwongoladzanja, chifukwa ikakweza, osamala amachoka n'kutsala olimba mtima okhaokha. Akerlof ndi Stiglitz, pamodzi ndi Michael Spence, analandira mphoto ya Nobel mu 2001 chifukwa cha maganizo amenewa.

Banki ya mu Cairo Road siimudziwa wowotcherera uja. Alibe pepala la malipiro, mabuku a bizinesi yake ali m'mutu, ndipo nyumba zambiri za m'makomboni zili ndi chilolezo chokhalapo cha zaka 30, chija chinayamba ndi lamulo la 1974, osati mapepala a umwini amene mabanki amakonda kugwira ngati chikole. Wa kaloba amamudziwa: amadziwa pamene amagona, tchalitchi chake, ndi tsiku limene kasitomala wake amalipira. Chimene akugulitsa modula ndi kudziwa kumeneko. Chilimba nachonso chimayenda pa maziko omwewo. Amayi a pamsika amasonkha ndalama n'kumapatsana mosinthana, popanda chiwongoladzanja ndi popanda pepala la loya, chifukwa amaonana tsiku lililonse ndipo wothawa alibe kothawira. Wophunzira amene wamvetsa zimenezi sadzalangiza banki kuti ingotsitsa chiwongoladzanja basi. Adzafunsa kuti banki ingamudziwe bwanji munthuyu motchipa, mwina kudzera mu mbiri ya ndalama zimene zimadutsa pa foni yake ya Airtel kapena MTN, kapena kudzera m'gulu lake la chilimba.

Tepi ya telala ndiyo imaopsa ambiri, ndipo ndiyo mtima wa digiri yachiwiri. M'kalasi amaitcha econometrics: luso loyeza ndi manambala ngati zimene mukuganiza zikuchitikadi, ndi kukula kwake. Tinene kuti mwayenda mu msika wa Chawama n'kupeza kuti amene anatengapo ngongole ali ndi mabenchi odzaza katundu kuposa amene sanatengepo. N'zokopa kunena kuti ngongole imakulitsa bizinesi. Koma mwina obwereketsa anasankha dala anthu amene mabenchi awo anali odzaza kale. Mwinanso amene amalimba mtima kukongola ndi omwewo amene amadzuka 4 koloko kukapikula ku Soweto, ndipo akanakula ngakhale popanda ngongoleyo. Tepi mukaigwira mopendekera, muyeso umatuluka ndithu, koma chovala chimakana. Miyezi yambiri ya Masters imathera pa kuphunzira kugwira tepi mowongoka: kuyerekeza anthu ofanana, kuyeza zinthu zisanasinthe ndi zitasintha, ndi kuvomereza poyera kukula kwa mpata wolakwa. Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi Michael Kremer analandira Nobel mu 2019 makamaka chifukwa chokonza njira zoyezera mafunso ang'onoang'ono ngati amenewa pakati pa anthu osauka.

Pano pafunika kunena mosabisa. Amene anazemba masamu pa digiri yoyamba adzakumana nawo pakhomo. Pamafunika algebra, calculus pang'ono, ndi kuleza mtima pa kompyuta pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Stata kapena R. Sizifuna munthu wobadwa ndi mutu wapadera, zimafuna kubwereza, ndipo n'kwanzeru kuyamba kudzikumbutsa miyezi ingapo sukulu isanatsegulidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma pulogalamu imene ikulonjeza Masters ya zachuma popanda kukugwiritsani tepi n'komwe, muikayikire.

Telala wabwino amadziwanso kuti thupi limasintha. Kasitomala amanenepa, amaonda, ndipo muyeso wa chaka chatha sugwira ntchito lero. Chuma cha Zambia chimasintha thupi mofulumira. Ndalama zambiri zakunja zimachokera ku mkuwa, choncho mtengo wa mkuwa ukagwa ku London, kwacha imafooka ku Lusaka. Mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond, ndipo chaka chimenecho dola imodzi inachoka pa K14 kufika cha m'ma K21. Pakati pa 2021 kukwera kwa mitengo kunapitirira 24 peresenti pa chaka, pamene Bank of Zambia imafuna kuti kukhale pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Kenako kunabwera chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024. Madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba, ndipo magetsi ankazima kwa maola ochuluka kuposa amene ankayaka.

Zonsezi zimafika pa Alick Nkhata Road, pamene amisiri a ku Kalingalinga amaimika mafelemu a zitseko ndi mawindo, mageti ndi mabedi m'mbali mwa msewu. Wowotcherera amauza kasitomala mtengo wa geti lero, amalandira theka, n'kupita kukagula zitsulo sabata yamawa atapeza kuti zakwera chifukwa zina mwa zipangizo zake zimatsatira dola. Magetsi akabwera pakati pa usiku, ayenera kusankha: agwire ntchito usiku n'kulipira anyamata ake moonjezera, abwereke jenereta n'kugula mafuta, kapena achedwetse ntchito n'kutaya kasitomala. Lendi ya malo ndi chakudya cha anyamata sizidikira magetsi. Funso lakuti jenereta ingadzibweze yokha pakatha miyezi ingati, potengera maola amene magetsi amazima ndi mtengo wa mafuta, ndi funso lenileni la maphunzirowa. Limafanana ndendende ndi limene kampani yaikulu ya migodi imafunsa isanamange malo ake opangira magetsi a dzuwa. Kusiyana kwake ndi kuchuluka kwa maziro.

Pomaliza maphunziro, wophunzira amapatsidwa nsalu kuti adule yekha. Imeneyi ndi dissertation, kafukufuku wake woyamba, amene amamuchita pansi pa mphunzitsi womuyang'anira, ndipo pamapeto amaima pamaso pa akatswiri amene amakoka msoko uliwonse kuona ngati ulimba. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. University of Zambia (UNZA), imene inatsegulidwa mu 1966, ili moyandikana ndi Kalingalinga. Wophunzira akhoza kuyenda wapansi kuchoka ku laibulale mpaka kukafika pa amisiri aja. Komabe ambiri amakonda kukopera manambala a pa intaneti a zaka makumi atatu, kuwalowetsa mu kompyuta, n'kulemba mutu umene anzawo mazana analemba kale m'maiko ena. Ena amafika polipira munthu kuti awalembere. Ameneyu watuluka ndi suti ya pa shelefu, ndipo tsiku limene bwana adzamupatse funso latsopano, manja adzanjenjemera chifukwa sanagwirepo sizasi.

Mafunso osayankhidwa ali mbwee pafupi. Anthu ambiri ogwira ntchito mu Zambia ali m'mabizinesi osalembetsedwa, ndipo ambiri a anthu a mu Lusaka amakhala m'makomboni, ndiye kuti thupi lenileni la chuma cha mzindawu lili kumeneko. Mu Januwale 2018, kolera itavuta, boma linachotsa ogulitsa m'misewu ndipo ku Kanyama linaletsa kuyenda usiku. Mabanja amene ankadalira malonda amenewo anadya chiyani, ndipo ndi angati anabwereranso pa bizinesi yomweyo? Madzi akasefukira ku Kanyama m'dzinja, mitengo ya pa kantemba imasuntha bwanji poyerekeza ndi ya ku Matero? Timisasa ta ndalama za pa foni tikandandalikana khumi pa ngodya imodzi, phindu la aliyense limatsala lotani, ndipo n'chifukwa chiyani ena akutsegulabe? Ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF, zimene zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, zikabwerekedwa kwa magulu a achinyamata, zimabwezedwa motani? Poyambira palipo: Zambia Statistics Agency imatulutsa mitengo ya zinthu mwezi ndi mwezi, ndipo a Jesuit Centre for Theological Reflection akhala akuwerengera kwa zaka zambiri ndalama zimene banja la mu Lusaka limafunika pa zofunika za pamwezi. Buku lodziwika kwambiri lofotokoza malonda a salaula enieniwo, limene linatuluka mu 2000, analemba ndi Karen Tranberg Hansen, mayi wobadwira ku Denmark amene anakhala nthawi yaitali akucheza ndi ogulitsa m'misika ya Lusaka. Anachita ntchito yabwino. Mwana wobadwira ku Mtendere, amene amalankhula Chinyanja cha pamsika ndipo amayi ake ali m'chilimba, ali ndi khomo lotseguka kuposa limene mlendoyo anali nalo.

Malo ophunzirira alipo. Ku UNZA kuli dipatimenti ya zachuma komanso Graduate School of Business. Kuli University of Lusaka, ZCAS University, ndipo kunja kwa mzinda kuli Copperbelt University ku Kitwe ndi Mulungushi University ku Kabwe. Mayina a mapulogalamu amasiyana, ena amati zachuma, ena zachuma ndi zandalama, ena kayendetsedwe ka mfundo zachuma, choncho chofunika ndi kuwerenga mndandanda wa maphunziro ake, osati dzina lokha. Ambiri amaphunzitsa madzulo kapena kumapeto kwa sabata kuti wogwira ntchito asasiye. Musanapereke ngwee iliyonse, funsani ku Higher Education Authority ngati sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka, ndipo funsani amene anamaliza kumeneko kuti aphunzitsi oyang'anira kafukufuku amabweza ntchito pakapita nthawi yotani, chifukwa ambiri amamaliza makalasi bwinobwino n'kukakamira pa kafukufuku zaka. Ofuna kupita kunja angayese kupempha thandizo la fizi ku Chevening ndi Commonwealth za ku Britain, kapena ku Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. African Economic Research Consortium ya ku Nairobi nayonso yakhala ikuthandiza maphunziro a Masters ya zachuma m'mayunivesite a mu Africa.

Tsopano tibwerere ku ndalama za amayi, pakuti maphunzirowa amatiphunzitsa kuti mtengo weniweni wa chinthu ndi zimene wasiya kuti uchipeze. Fizi ndi gawo chabe. Palinso malipiro amene sunalandire, mng'ono wako amene fizi yake yadikira, ndi chipinda chimene chikanamangidwa kuseri kwa nyumba kuti chizibweretsa lendi. Michael Spence uja analemba mu 1973 kuti nthawi zina satifiketi imagwira ntchito ngati chizindikiro chabe: olemba ntchito amaikhulupirira chifukwa n'njovuta kuipeza, ngakhale itakhala kuti sinamuphunzitse munthu chatsopano. Chizindikiro chimatha mphamvu chikachuluka. Aliyense akakhala ndi Masters, pepalalo limasiya kusiyanitsa anthu, ndipo chimatsala ndi chimene manja akutha kuchita. N'chifukwa chake ine ndimalangiza mwana amene wangomaliza digiri yoyamba, ndipo sanapeze thandizo la fizi, kuti ayambe wagwirapo ntchito, ngakhale yaing'ono, ngakhale kusunga mabuku a golosale ya amalume ake. Amene wakhalapo kuseri kwa kauntala amalowa m'kalasi ali ndi mafunso akeake. Kulowa Masters pothawa ulova, ndi ndalama za kaloba kapena zogulitsa poloti ya banja, ndimakana ndi mtima wonse.

Amene wachita bwino ntchito zimamupeza m'malo osiyanasiyana: Bank of Zambia, unduna wa zachuma, bungwe lotolera misonkho la ZRA, la kafukufuku wa mfundo zachuma la ZIPAR, mabanki, makampani a mafoni ndi opanga katundu. Ena amapita ku Competition and Consumer Protection Commission, imene mu 2021 inalipiritsa makampani ena a simenti itapeza kuti ankagwirizana mitengo. Kuti mutsimikize mlandu wotero pamafunika munthu wodziwa kusiyanitsa mitengo imene yakwera limodzi chifukwa dola yakwera ndi imene yakwera chifukwa anthu anakhalirana pansi. Aliyense amene akumanga nyumba yake buloko ndi buloko ku George kapena Kanyama amakhudzidwa ndi ntchito ya munthu ameneyo, ngakhale sadzamuona. Pulezidenti Hichilema mwini wake anadutsa njira ya maphunziro yoyandikana ndi imene tikukambayi: digiri ya zachuma ndi kayendetsedwe ka bizinesi ku UNZA, kenako MBA ku Birmingham.

Pali pamodzi pamene telala ndi katswiri wa zachuma amasiyana, ndipo ndi pamene pamandichititsa kuona maphunzirowa ngati nkhani yolemera. Telala akalakwitsa, kasitomala amabwerera mawa lake ndi jekete m'manja, amakangana, n'kukonza. Katswiri wa zachuma akalakwitsa muyeso, chovalacho amavala ndi anthu mamiliyoni amene sanamuonepo ndipo alibe kokabweza. Mu Disembala 1986 boma litachotsa thandizo pa mtengo wa ufa wa breakfast potsatira mapangano ndi bungwe lobwereketsa maiko ndalama la IMF, ku Copperbelt kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa. Mu Juni 1990 mtengo wa ufa utakwera kuposa kawiri, Lusaka inayaka; anthu oposa 20 anataya miyoyo, ndipo chaka chotsatira ulamuliro wa Kenneth Kaunda unatha pa chisankho. Masamu a akatswiri anali ndi mfundo, chifukwa boma linalibedi ndalama zopitirizira thandizolo. Chimene sichinayezedwe mokwanira ndi mphika wa banja la m'komboni, kuti ungapirire kukwera kotani pa tsiku limodzi. Pambuyo pa 1991 malire atatsegulidwa mofulumira, mafakitale ambiri osoka zovala ku Livingstone ndi kwina anatseka, ndipo patapita zaka a nsalu a ku Kafue ndi Kabwe nawonso anaima. Osauka anapeza zovala zotchipa, anthu zikwi anapeza malonda a salaula, ndipo ena zikwi anataya ntchito za m'fakitale. Kuyeza mbali zonsezo moona mtima, n'kunena amene wapindula ndi amene walipira, ndi ntchito imene dziko likufunabe anthu oidziwa.

Choncho wophunzira amene wafunsa mafunso kwa amayi a pamsika wa Mtendere kapena amisiri a ku Kalingalinga ali ndi ngongole kwa iwo. Anamupatsa nthawi yawo makasitomala akudikira, anamuuza za ngongole zawo zimene sauza ngakhale abale. Kafukufuku akatha, asangomusiya pa shelefu ya laibulale mu Chingerezi chimene iwo sadzawerenga. Apemphe komiti ya msika kuti imupatse mphindi zochepa pa msonkhano wawo, afotokoze m'Chinyanja zimene wapeza, ndi manambala ake, ndipo awalole amutsutse. Akamuuza kuti, “Mwanawe, apa sunamvetse, ife sitichita choncho,” alembe zimenezo, abwerere ku kompyuta akaonenso ngati funso lake linali lolunjika, ndipo ngati n'kotheka akonze mutuwo asanaupereke kwa oyesa.